Mkonzi amene anauza anthu ake kuti anyamuke

Pa 5 May 1905, bambo wina wa mumzinda wa Chicago ku America anatenga nyuzipepala 300 kwa osindikiza n'kuyamba kuyenda nazo khomo ndi khomo. Iliyonse inali ya masamba anayi, mtengo wake masenti awiri. Wolemba anali iye, mkonzi anali iye, wogulitsanso anali iye yemweyo. Mpamba umene anayambira unali masenti 25, ndipo kwa zaka zingapo ofesi yake inali tebulo m'nyumba mwa Mayi Henrietta Lee pamsewu wa State, kumene ankachita lendi. Mayiwa ankamudyetsa ngakhale masiku amene analibe cholipira. Bamboyo anali Robert Sengstacke Abbott, munthu wakuda wolembera anthu akuda anzake, ndipo kapepalako anakatcha Chicago Defender, kutanthauza mtetezi. Pofika cha m'ma 1920 Defender inkagulidwa makope oposa 200,000 sabata iliyonse, ndipo ambiri ankawerengedwa kutali ndi Chicago, m'midzi ndi m'matauni a kumwera kwa dzikolo, kumene kupezeka nayo m'manja kunali kuputa tsoka.

Munthu ameneyu amandibwerera m'maganizo ndikamva chiphunzitso chimene chimabwerezedwa paliponse posula atolankhani, chakuti mtolankhani asamatenge mbali. Pa nkhani zambiri ndimagwirizana nacho. Anthu awiri akakanganirana malire a munda, mverani onse. Koma Abbott anatenga mbali poyera, osabisa, ndipo ine ndikuti anachita bwino. Zolakwa anali nazo, zina zazikulu, koma kutenga mbali sikunali chimodzi mwa izo.

Anabadwira pachilumba cha St. Simons m'chigawo cha Georgia cha m'ma 1870, makolo ake atangotuluka kumene mu ukapolo. Bambo ake anamwalira iye ali khanda, ndipo mayi ake, a Flora, anakwatiwanso ndi a John Sengstacke, mbusa amene anakulira ku Germany, yemwenso ankatulutsa kanyuzi kakang'ono kufupi ndi Savannah. Mnyamatayo anakaphunzira ntchito yosindikiza ku Hampton Institute ku Virginia, kenako anapita ku Chicago n'kumaliza maphunziro a zamalamulo ku Kent College of Law. Ntchito ziwiri m'manja, koma zonse zinamukana. Kosindikiza, azungu sankamupatsa ntchito yokhazikika. Ku uloya, loya wakuda mnzake, wodziwika mumzindamo, anamuuza kuti khungu lake linali lakuda kwambiri moti makhothi a ku Chicago sakanamumvera. Tsankho linali litalowa mpaka m'nyumba, anthu akuda okhaokha akuyezana ndi kuwala kwa khungu. Anakayesa m'mizinda ya Gary ndi Topeka, osaphula kanthu. Nyuzipepala anaiyamba makomo ena onse atatsekeka.

Nthawi imeneyo pafupifupi 9 mwa anthu akuda 10 alionse a ku America ankakhala kumwera. Ambiri ankalima thonje m'minda ya azungu ngati matenanti: mwini munda akongoze mbewu, chakudya ndi zipangizo, pokolola iye yemweyo awerengere, tenanti n'kutsala ndi ngongole yolowa nayo chaka china. Amene anakhalapo pa esiteti ya fodya safunika kuwafotokozera zambiri. Malamulo anali atawalanda voti. Sukulu, mabogi a sitima, zipatala, ngakhale manda, zonse zinali zopatula. Pamwamba pa izi panali imfa ya pagulu, munthu kugwidwa ndi khamu la azungu, kupachikidwa pamtengo kapena kutenthedwa popanda mlandu kuzengedwa, ena akujambulitsa pambali pa mtembo. Sukulu ya Tuskegee inawerenga anthu akuda oposa 3,400 ophedwa motere pakati pa 1882 ndi 1968. Nyuzipepala ya munthu wakuda yosindikizidwa kumwerako inkayenera kulankhula monong'ona. Mtolankhani wakuda Ida B. Wells atalemba mosapsatira za kuphana kumeneku mu 1892, gulu la azungu linakaphwanya ofesi ya nyuzipepala yake ku Memphis, ndipo iye anakakamizika kukakhala kwina.

Ndiye mundiuze, pakati pa wopachika ndi wopachikidwa, mtolankhani aime pati kuti tinene kuti waima pakati? Nyuzipepala zambiri za azungu a kumwera zinkalemba kuphanaku ngati chilango choyenera. Nazonso zinali zitatenga mbali, kungoti sizinkavomera. Abbott anavomera. Mfundo yoyamba ya nyuzipepala yake inali yakuti tsankho la mtundu mu America liyenera kuthetsedwa. Kuyambira 1910, atalemba ntchito mkonzi J. Hockley Smiley, tsamba loyamba linayamba kutuluka ndi mitu ikuluikulu yofiira, monga zinkachitira nyuzipepala za mzungu wolemera William Randolph Hearst. Anakana mawu amene azungu ankatchulira anthu akuda, n'kumalemba kuti Mtundu, ndi chilembo chachikulu. Popeza nyuzipepala za azungu zinkaonetsetsa kuti zatchula khungu la munthu wakuda aliyense wokhudzidwa ndi mlandu, Defender nayo inkalemba mawu akuti mzungu pambuyo pa dzina la mzungu. Kanthu kakang'ono, koma wowerenga wa ku Mississippi ankaona mzungu akulembedwa mmene iye wakhala akulembedwera moyo wake wonse.

Mawu okuwa ku Chicago akanathera ku Chicago komweko pakanapanda anthu amene mbiri siitchula mayina awo. Kampani ya Pullman, imene inali ndi mabogi ogonamo pa njanji za dziko lonselo, inkalemba amuna akuda zikwizikwi kuti azitumikira apaulendo, kuyala mabedi, kupukuta nsapato, kunyamula masutukesi. Amenewa ndi amene ankatenga mitolo ya Defender ku Chicago, kuibisa pakati pa katundu, n'kukaitula m'masiteshoni a kumwera. Kuchoka apo nyuzi inkafika kumalo ometera ndi kutchalitchi. Wodziwa kuwerenga ankawerenga mokweza ena atamuzungulira, ndipo pepala limodzi linkadutsa m'manja ambiri mpaka kung'ambika. Matauni ena anailetsa, apolisi ankalanda mitolo, ogulitsa ankaopsezedwa. Kwa ife nkhani yotere si yachilendo. Boma la atsamunda ku Nyasaland linaletsa Negro World, nyuzipepala ya ku New York ya Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo mu 1926 a Isa Macdonald Lawrence anagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepalayo pamodzi ndi ya bungwe la antchito la a Clements Kadalie ya ku South Africa. Abbott ndi Garvey sankamwerana madzi, koma olamulira a ku Mississippi ndi a ku Zomba ankaopa chinthu chimodzi, pepala lolembedwa ndi munthu wakuda kumalo kumene dzanja lawo silifika.

Chimene chinakweza Defender kuposa nyuzipepala zinzake chinabwera ndi nkhondo. Kuyambira 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse inadula anthu a ku Ulaya amene ankakhamukira ku America kudzagwira ntchito. Chicago inkakula ngati moto wa m'chilimwe, kuchoka pa anthu 1.7 miliyoni mu 1900 kufika 2.7 miliyoni mu 1920. Nyumba zophera ng'ombe ndi nkhumba za makampani a Armour ndi Swift, mafakitale a zitsulo, zonse zinkafuna manja. Kumwera, tizilombo tinali titaononga thonje. Poyamba Abbott sanalimbikitse zosamuka. Anatembenuka mu 1916 ataona kuti makomo a ntchito atsegukadi, ndipo atatembenuka sanachite mwatheka. Defender inayamba kusindikiza malo a ntchito, nthawi zonyamukira sitima, njira yopezera tikiti yotsika mtengo mukakwera pagulu, ndi mayina a matchalitchi ndi mabungwe olandira alendo. Inafika poika tsiku, 15 May 1917, loti anthu anyamukire limodzi. Azungu atayamba kuopseza kuti akuda akafa ndi chisanu kumpoto, Defender inayankha ndi nkhani za anthu amene anafa ndi kuzizira kumwera komweko, n'kufunsa kuti ngati imfa ya chisanu ili konsekonse, bwanji osakafera kumene uli mfulu.

Apa ndi pamene ndimamulemekezera kwambiri. Kudzudzula n'kosavuta, ambiri timakutha. Wowerenga amagwedeza mutu, amati zoona, n'kupinda pepala, mawa n'kulawirira kumunda womwe uja wa ngongole. Abbott anapatsa wowerenga chochita. Tenanti wopanda voti, wopanda khothi lomumvera, anali ndi chida chimodzi chokha, miyendo yake, ndipo nyuzipepala inamuuza sitima yoti akwere ndi khomo loti akagogode akatsika. Anthu ankalemba makalata ku ofesi ya Defender ngati akulembera malume a m'tauni, ena kupempha ntchito, ena thandizo la tikiti. Mu 1910 Chicago inali ndi anthu akuda pafupifupi 44,000. Mu 1920 anali 109,000, ndipo mu 1930 anaposa 230,000. Si Abbott yekha anawasuntha. Njala ndi mantha zinalipo kale, makalata a achibale otsogola nawonso ankakoka. Koma iye ndi amene anatenga kuthawa kwa munthu mmodzimmodzi usiku n'kukutcha ulendo wa mtundu wonse, chinthu choti munthu achite mutu uli m'mwamba.

Funso lolemera ndi lakuti, kodi anawauza zoona za kumene ankapita? Zina zokha. Chicago ya m'masamba a Defender inali ya malo azisudzo ndi magule a pamsewu wa State, sukulu zabwino ndi malipiro okwera. Chicago imene anthu anaipeza atatsika sitima ya Illinois Central inali chikomekome cha mkuyu. Anawapanikiza m'kadera kakang'ono kumwera kwa mzinda, eni nyumba akudula nyumba imodzi kukhala timazipinda n'kukweza lendi. Woyesa kugula nyumba m'dera la azungu ankaponyeredwa bomba, ndipo pakati pa 1917 ndi 1921 mabomba otere anaphulika ka 58. Ntchito zimene ankapatsidwa zinali zolemetsa ndi zauve kuposa za onse, ndipo pochotsa anthu ankayambira iwo. Kenako pa 27 July 1919, Eugene Williams, mnyamata wa zaka 17, akusambira m'nyanja ya Michigan, anafika pamadzi amene azungu ankati ndi awo, ngakhale panalibe chizindikiro chilichonse. Mzungu wina anayamba kugenda, mnyamatayo anamira, ndipo wapolisi anakana kumanga wogendayo. Chipolowe chinatenga pafupifupi sabata. Anafa anthu 38, akuda 23 ndi azungu 15, ndipo ovulala anaposa 500.

Wina atha kunena kuti woitana anthuwa ali ndi gawo pa magazi amenewa. Tonse timadziwa mmene wa ku Joni amalankhulira akabwera pa Khrisimasi, kutchula malipiro osatchula lendi ndi mantha a usiku, ndipo Abbott anali nako kakhalidwe kameneko. Komabe sindivomera kuti anawasocheretsa. Ku Chicago munthu wakuda ankavota. Mu 1915 Oscar De Priest anakhala khansala wakuda woyamba mumzindamo, ndipo mu 1928 mavoti a anthu aja amene anabwera pa sitima anamutumiza ku nyumba ya malamulo ku Washington, mmene munalibe munthu wakuda kuyambira 1901. Ana ankakhala m'kalasi m'malo mothyola thonje. Pa chipolowe cha 1919 anthu akuda anadziteteza, ena mwa iwo asilikali ongobwera kumene kuchokera ku France, ndipo pambuyo pake boma linachita kafukufuku woika poyera zimene zinachitika. Chipolowe chitatha sitima sizinasiye kubwera zodzaza. Anthu amenewo anali atalawa mbali zonse ziwiri, ndipo ankadziwa kusiyana kwake kuposa ife ongowerenga.

Komanso Abbott sanawaitane n'kuwathawa. Defender inkasindikiza malangizo kwa obwera kumene, ena othandiza, ena okhala ngati onyoza, onena za kavalidwe ndi kalankhulidwe pagulu. Abbott analowa m'komiti imene bwanamkubwa Frank Lowden anakhazikitsa kuti ifufuze chipolowecho. Bessie Coleman, mtsikana wochokera ku Texas amene ankakonza zikhadabo pamalo ometera, sukulu zoyendetsa ndege za ku America zitamukana, ndi Abbott amene anamulangiza kuti apite ku France, ndipo mu 1921 anabwerako ndi chiphaso, mkazi wakuda woyamba kuchipeza. Atalemera, Mayi Lee aja anawagulira nyumba.

Cholakwa chake chenicheni ndi ichi. Polemba za chipolowe cha 1919, Defender inati mayi wina wakuda ndi khanda lake anaphedwa pamsewu mwankhanza yosasimbika. Komiti yofufuza ija, imene Abbott mwini wake anakhalamo, inapeza kuti zimenezo sizinachitike. Nyuzipepala za azungu zinalembanso mabodza ambiri masiku amenewo, koma limenelo si yankho. Anali masiku amene mphekesera inkapha. Mnyamata akamva nkhani yotere amatola njerwa n'kukagenda munthu woyamba kukumana naye. Ndipo panalibe chifukwa chowonjezera, poti zimene zinachitikadi zinali zoopsa mokwanira. Mkonzi amene waima kumbali ya oponderezedwa ali ndi ngongole ya choonadi yoposa ya mkonzi wina aliyense. Anthu ake alibe pena poti akatsimikizire, amamukhulupirira iye yekha, pamene adani ake amangodikira bodza limodzi kuti akanire nalo zoona zonse zimene analembapo.

Mbali ina ya vutoli inali ndalama. Makampani akuluakulu a azungu sankatsatsa malonda m'nyuzipepala ya anthu akuda, choncho Defender inkadya kuchokera m'thumba la wowerenga. Kulimba mtima kwake kunachokera pamenepo, chifukwa panalibe wotsatsa wamkulu woti aimbe lamya kuti nkhani ichotsedwe. Koma njala ya mitu yofiira inachokeranso pomwepo, poti pepala linkayenera kugulidwa sabata ndi sabata. Ndipo mwa malonda amene ankabwera, ambiri anali a mafuta oyeretsa khungu ndi owongola tsitsi. Zimandipweteka kuti munthu amene anakanidwa uloya chifukwa cha kuda kwake analola masamba ake kumauza atsikana kuti ayere. Phunziro limodzi lokha analitola msanga. Pa chipolowe chija kampani ya azungu imene inkamusindikizira inakana kugwira ntchitoyo, moti nyuzipepala inakasindikizidwa ku Gary. Mu 1921 anatsegula malo akeake osindikizira pa Indiana Avenue, m'nyumba imene kale inali sunagoge.

Patapita zaka khumi, mu 1931, a Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro awo pa University of Chicago, moyandikana ndi dera limene Defender inkagulitsidwa pakona iliyonse. Anakhalapo mumzinda umene munthu wakuda ankadzudzula olamulira ndi zilembo zofiira. Zimandimvetsa chisoni kuti atakhala pampando kuno, nyuzipepala zazikulu ndi makina ozisindikizira zinali m'manja mwawo, mpaka mu 1992 Amalawi ankapatsirana mobisa mapepala ofotokopa ndi osindikizidwa kunja, monga ankachitira anthu a ku Mississippi aja.

Chondiwawa koposa pa Abbott ndi cha amuna a m'sitima. Mu 1925, motsogozedwa ndi A. Philip Randolph, anayambitsa bungwe lawo la antchito, Brotherhood of Sleeping Car Porters. Ankafuna maola ochepa, poti ankagwira pafupifupi maola 400 pamwezi, komanso malipiro oti munthu n'kudyetsa banja osadalira kangachepe kochokera kwa apaulendo. Defender inapendekera kumbali ya kampani ya Pullman, imene inali ndi mphamvu ndi ndalama mumzindamo. Anthu amene anaika ntchito zawo pachiswe posenza mitolo ya nyuzipepala imeneyi anaona nyuzipepala yomweyo ikuwafulatira pa tsiku lawo la mavuto. Zinatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti itembenuke, mu 1927, n'kuyamba kuikira kumbuyo bungwelo, limene linadzasainirana mgwirizano ndi Pullman mu 1937. Kutembenukako ndimakuwerengera, chifukwa si akonzi ambiri amene amabweza mawu awo poyera. Koma zaka ziwirizo sindingazifufute. Abbott panthawiyi anali mmodzi mwa anthu akuda olemera kwambiri ku America, ndipo khutu lake linali litayamba kumva msanga mawu a olemera anzake kuposa a anthu amene anamusenza.

Anamwalira pa 29 February 1940 ndi matenda a impso. Analibe mwana, ndipo nyuzipepala anaisiyira John H. Sengstacke, mwana wa mng'ono wake, amene anali atamuphunzitsa ntchitoyo. M'manja mwa ameneyu Defender inalemba za kuphedwa kwa mnyamata Emmett Till ku Mississippi mu 1955, n'kuyamba kutuluka tsiku ndi tsiku mu 1956. Iye atamwalira, nyuzipepalayo inakhalapobe mpaka July 2019 pamene inasiya kusindikizidwa papepala n'kutsala pa intaneti. Chimene chatsala pamsewu ndi perete. M'zaka za m'ma 1920 Defender inayambitsa tsamba la ana ndi kalabu yotchedwa Bud Billiken, ndipo mu 1929 panachitika perete woyamba, mwa zina pofuna kusangalatsa ana amene ankagulitsa nyuzipepalayo m'misewu. Mpaka lero, Loweruka lachiwiri la August, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, ana a kumwera kwa Chicago amaguba ndi ng'oma ndi malipenga pamsewu wa King Drive mpaka ku Washington Park. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulutudzi za anthu amene anamva za Chicago pepala likuwerengedwa mokweza pamalo ometera ku Mississippi, ku Alabama kapena ku Louisiana.